Za mabodi a kalabu ya ana kumudzi, tigule chani?

A Tcheya: Moni nonse akwathu. Nkhani ya kalabu ya kompyuta ku sekondale kwathu ku Ntcheu ija tiimalize sabata ino chonde, chifukwa a Mbewe akukwera basi pa Park Station Lachisanu la mawali ndiye katunduyo anyamule ndi iwowo. Aphunzitsi a Physics akuti ali ndi malaputopu atatu tinatumiza aja, ndipo akufuna bodi (kachipangizo kakang'ono kamagetsi kophunzirira kupanga mapulogalamu) yoti mwana azingokoka mabuloko a malamulo pa sikirini n'kumalumikiza, osati kutaipa mizere ya code ayi. Odziwa zinthuzi yankhulani.

Kondwani: Zikomo a Tcheya. Ine ndikuti Arduino Uno basi, ndi yotchipa, kuno ku Joni imapezeka mosavuta ndipo ikapsa imodzi simulira. Ili ndi mapini (polumikiza mawaya) 14 a digital ndi 6 a analog ndiye masensa ambiri (tizipangizo toyeza zinthu ngati kutentha) mukhoza kulumikiza, komanso pulogalamu ya mBlock imaivomera, mabuloko ake ndi ofanana ndi a Scratch (pulogalamu yomwe ana amaphunzirira code), mwana akamaliza amaitumiza mu bodi n'kuchotsa waya wa laputopu, imagwira yokha pa batire. Mwana wophunzira pa Arduino akugwira mawaya enieni, mawa akhoza kukonza sola ya munthu.

Mayi Nabanda: Pepani ana anga ine zimenezi sindizitsata, koma ndifunse nawo. Ana kumeneko ena akukhala pansi, madesiki osakwana, ifeyo tikugula timagetsi toseweretsa? Ndalamazi anthu anasonkha movutika, ena ndi apisiweki.

A Tcheya: Mayi mwafunsa bwino, za madesiki zili pa thumba lina lija ndipo sitinazisiye. Izi ndi zomwe tinagwirizana pa msonkhano kuti zipite ku kalabu.

Tiyamike: Achimwene a Kondwani sindikukutsutsani kuti Arduino ndi yabwino, koma taganizani za mphunzitsi amene ali yekhayekha ndi ana odzaza kalasi. Uno mukaitulutsa mu paketi ilibe choti mwana asangalale nacho kupatula kagetsi kamodzi kophethira, china chilichonse mpaka mugule breadboard (kathabwa kobayapo mawaya), timawaya, maresista, ma LED, ndipo timeneti timasowa tsiku loyamba lomwelo, kumudzi resista mukaigula kuti? Komanso zotchipa zambiri zimene mukunenazo si zenizeni za ku Italy, zimakhala ndi chip ya CH340 ndiye pa laputopu ina mpaka muikemo dilaiva (kapulogalamu koti laputopu izindikire bodiyo), aphunzitsi akakanika pamenepo zinthu zikalowa m'kabati mpaka kalekale. Ine ndikuti micro:bit. Inapangidwira ana asukulu, BBC inagawa kwa ana a ku UK mu 2016, ndipo mtundu wake wachiwiri, V2 ya 2020, ili ndi sipika ndi maikolofoni pomwepo. Pa bodi pali timagetsi 25, mabatani awiri A ndi B, sensa yomva kugwedezeka, kampasi, imayezanso kutentha, ndiye tsiku loyamba mwana dzina lake likuyenda kale pa timagetsipo osalumikiza waya wina kupatula wa USB. Imayendera mabatire awiri a AAA ogula pa okala.

Kondwani: Koma ndi yodula chemwali, pa micro:bit imodzi titha kugula ma Uno angapo. Nanga za dimba la sukulu zija, aphunzitsi amafuna kuti ana apange choyeza chinyezi m'nthaka kenako pampu iziyaka yokha. micro:bit imatulutsa 3.3V pomwe ma relay (maswichi oyatsira pampu) ambiri otchipa amafuna 5V ngati ya Uno.

Tiyamike: Mtengo muwerengere pamodzi ndi tizipangizo tonse tija, kusiyana kwake kumachepa. Za chinyezi ndi zosavuta, misomali iwiri ndi mawaya okhala ndi topanira kumapeto, wina pa pini 0 wina pa 3V, mwazika m'dothi basi manambala akuoneka. Za pampu mukunena zoona, pamenepo Uno ikuposa, koma zimenezo ndi za ana oti azolowera kale osati teremu yoyamba.

A Mbewe: Bwanji Raspberry Pi? Mwana wanga pasukulu pake kuno amagwiritsa imeneyo ndipo Scratch imakhalamo.

Tiyamike: Amalume imeneyo ndi kompyuta yathunthu, imafuna sikirini yake, kiyibodi, mausi ndi memori khadi, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi ngati mmene amachitira kwathu kuja khadi ija imatha kuonongeka. Tisayambe ndi imeneyo.

Mayi Nabanda: Nanga netiweki? Kumeneko kuti uyimbe foni umachita kukwera pa chulu, ndiye bandulo azigula ndani mwezi ndi mwezi?

Tiyamike: Funso lenileni ndi limeneli mayi. MakeCode ya Microsoft, yomwe ndi pulogalamu ya mabuloko ya micro:bit, ili ndi mtundu woika pa laputopu n'kumagwira popanda intaneti, timatsitsa kuno n'kutumiza pa fulashi. Bodi mukailumikiza imaoneka ngati fulashi, mumangoponyamo fayilo. Ndipo pa sikirini pamaoneka micro:bit yoyeserera ndiye gulu lomwe likudikira bodi limayesa kaye pamenepo. Chokhacho tisadalire Scratch pa micro:bit, imeneyo imafuna Bluetooth ndi kapulogalamu kena kotchedwa Scratch Link ndipo pulogalamu imatsala pa laputopu, mwana sangapite nayo kudimba.

Kondwani: mBlock nayonso imaikidwa pa laputopu osafuna intaneti, zisamveke ngati ndi MakeCode yokha. Chabwino ndavomera ma micro:bit akhale ambiri, koma ma Uno awiri alowemo ndi ma relay ake, a Fomu 3 ndi 4 asatopetsedwe ndi timagetsi tophethira.

A Tcheya: Zamveka. Koma tisanatulutse ndalama, Tiyamike muwaimbire aphunzitsi atiuze Windows yomwe ili m'malaputopumo, tingagule zinthu zokana kulowa. Loweruka tikumane ku Mayfair mubwere ndi bodi imodzi imodzi, Mayi Nabanda ndi amene ayese, akatha iwowo ndiye kuti ana atha.

Mayi Nabanda: Ndibwera, koma malisiti onse ndiwaone ine.

Tiyamike: Ndipo pogula mawaya a micro USB muonetsetse kuti ndi odutsa data, ena ndi otchajira foni okha, bodi imayaka bwinobwino koma laputopu osaiona. Tiwayese onse a Mbewe asanapakire.