Thandizeni, ku Luxembourg ndikawaonetse chani apongozi?

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni, mwezi wamawa ndikupita ku Luxembourg ndi apongozi anga, anabwera kudzaona mdzukulu ndiye akuti sangabwerere ku Mchinji asanaponde dziko lina. Bambo akunyumba akuti alibe nthawi chonsecho Loweruka lililonse ali ku mpira ndi anzawo, ndi omwewonso anati ndipeze kogona kenako nkumadandaula mtengo. Apongoziwo mawondo amawavuta, masitepe sakwera. Tikaone malo ati? Ine ndatopa.

Malume a ku Arlon: MVERANI INE ndimakhala pamalire penipeni, dzikolo ndimalowa ngati kudimba. Basi, sitima, tram zonse ndi ULERE kuyambira 2020, bola osakhala mu first class. Kwerani sitima mpaka Ettelbruck, kenako basi ya ku Vianden mukaone chinyumba chachifumu pamwamba pa phiri, mtsinje wa Our uli mmunsi.

Nachisale: Malume mwawerenga bwino koma? Akuti mawondo. Vianden ndi chitunda chokhachokha.

Malume a ku Arlon: Kuli chairlift mayi, musandiphunzitse.

Wa Ndirande: Agogo a ku Mchinji muwakhazike pa kampando kolendewera pa waya? Mukufuna mudzalongosole chani kumudzi kkkk

Mayi a mapasa: Ine vuto ndikuliona pa bambowo. Mayi ndi awo, oyenda nawo ndinu? Wanga anayamba chonchi, lero ndikulera ndekha.

Achimwene a ku Trier: Ku Casemates du Bock kokha musawatengereko, ndi mapanga okumba mu thanthwe, masitepe ake ngopapatiza, ine ndinagunda mutu ndikujambula mpaka chotupa sabata yathunthu. Aimirire pa bwalo la Place de la Constitution mu mzinda wa Luxembourg momwemo, pali chifanizo cha golide chija Gëlle Fra, mlatho wa Adolphe umaonekera pomwepo, ndipo mpotsetereka ayi. Chikepe chagalasi cha ku Pfaffenthal ndi chaulerenso.

Malume a ku Arlon: Zimenezo ndi za alendo a tsiku limodzi. Munthu asanafike ku Echternach, tauni yakale kuposa onse, kapena ku Esch-sur-Alzette kukaona zing'anjo zosungunulira chitsulo za ku Belval, ameneyo SANAONE Luxembourg.

Nachisale: Apongozi akaone ng'anjo? Malume inu.

Mphunzitsi wopuma: Pepani, palibe wafunsa. Mayi mukunyamukira dziko liti, ndipo apongozi ali ndi visa yanji? Ngati ndi ya ku UK sagwira kumeneko, pasipoti ya Malawi imafuna ya Schengen, visa imodzi yolowera maiko ambiri a ku Ulaya.

Malume a ku Arlon: Schengen yo ndi kamudzi ka mu Luxembourg momwemo mmbali mwa Moselle, pangano lotsegula malire a maiko a ku Ulaya anasainira komweko pa boti mu 1985, ndinafikako kawiri ine.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Bambo aja aziona izi, adziwa kuti ndine, pano sakundiyankhula.

Mphunzitsi wopuma: Visa mayi, tayankhani za visa.