Kodi SQLite ingandikwanire pa laputopu pamene seva ili ndi PostgreSQL?

wophunzira_django:
Akuluakulu, ndikupempha malangizo. Ndayamba kulemba backend (mbali yogwira ntchito pa seva) ya pulogalamu yosunga mayina a ophunzira pogwiritsa ntchito Django (chida cha Python chopangira mapulogalamu a pa intaneti), pa laputopu ya Ubuntu yomwe ili ndi RAM ya 4GB yokha. Seva imene pulogalamuyi idzakhalepo ili ndi database ya PostgreSQL, koma nditayesa kuika psycopg2 (yolumikiza Python ndi PostgreSQL) kudzera mu pip (chida choikira zipangizo za Python), inakana ndi uthenga wakuti "pg_config executable not found". Kodi ndingalakwitse nditangopitiriza ndi SQLite, database yopepuka imene Django imabwera nayo kale?

mkulu_wa_ma_seva:
Achimwene, uthengawo usakuopseni. Pip ikufuna kumanga psycopg2 pa makina anuwo, ndipo ikusowa zipangizo za PostgreSQL zomangira. Ikani psycopg2-binary m'malo mwake, popeza imeneyi imabwera yomangidwa kale. Koma choyamba pangani venv (malo apadera oikamo zipangizo za Python) ya pulogalamuyi ndi lamulo la python3 -m venv venv, kuti zimene mukuika zisasakanikirane ndi Python imene Ubuntu imadalira.

mayi_wa_database:
Ine ndikuchondererani kuti SQLite muisiye, chifukwa inandipweteka ine ndemwe. Ndinali ndi malo a dzina olandira zilembo 30, ndipo ndinalemba kapulogalamu kolowetsa mayina kuchokera mu fayilo ya CSV. Pa laputopu zonse zinalowa bwinobwino, chifukwa SQLite siiwerengera n'komwe malire a max_length. Tsiku lomwe tinasamutsira pa seva, PostgreSQL inakana dzina la mwana wina lomwe linali lalitali, n'kulemba kuti "value too long for type character varying(30)", ndipo ntchito inaima pamene anthu a ku ofesi anali atakhala pansi kudikira mndandanda. Zimene mudzagwiritse ntchito pa seva ndi zomwezo muziyesera pa laputopu yanu.

mkulu_wa_ma_seva:
Mayiwa anena zoona. Ena akuuzani za Docker (chida choyendetsera mapulogalamu m'malo awoawo otsekedwa), koma pa RAM ya 4GB komanso ndi mtengo wa bando ya intaneti, ndi bwino kungoika PostgreSQL pa laputopu yanu ndi apt, chida cha Ubuntu choikira mapulogalamu. Mu fayilo ya Django ya settings.py, HOST ikhale 127.0.0.1 ndipo PORT ikhale 5432, chifukwa mukasiya HOST yopanda kanthu, PostgreSQL ikhoza kukukanani ndi uthenga wa peer authentication (njira yokuzindikirani ndi dzina lanu la pa Ubuntu). Mawu achinsinsi muwasunge mu fayilo ya .env, ndipo fayiloyo muilembe mu .gitignore (mndandanda wa mafayilo osayenera kutumizidwa) musanatumize chilichonse ku GitHub, tsamba losungirapo code.

wophunzira_django:
Zikomo kwambiri nonse. Ndatsatira zimenezi, migrate (lamulo lopanga matebulo mu database) yadutsa popanda vuto, ndipo tsamba latseguka pa 127.0.0.1:8000. Malo a dzina ndawakulitsa kufika pa zilembo 100.