Tapambana kamodzi pa masewero 9, matikiti a Novembala ndigulitsa bwanji?

Thoko, ku Ohio:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndimagwira ntchito yotsatsa masewero pa yunivesite ina kuno, ndipo timu yathu ya football chaka chino yagwa chagada. Ndikunena mpira uja wa ku America, wovala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa. Pa masewero 9 tapambana kamodzi kokha. Sizoni imakhala ndi masewero 12, ndipo kuti timu iitanidwe ku bowl, masewero apadera a pambuyo pa sizoni, imayenera kupambana 6, ndiye ife zathu zatha kale. Pakhomo patsala masewero awiri: ena Lachiwiri usiku chifukwa cha TV, ena tsiku lotsatira Thanksgiving, tchuthi cha kuno chakumapeto kwa Novembala, ophunzira atabalalika kupita kwawo. Pamasewero apitawa ndinaima ndekha pageti. Pepala la ofesi likuti tinatulutsa matikiti 14,000, koma amene anadutsa pamakina sanakwane 5,000. Tsopano bwana akuti tigawe matikiti aulere 10,000 m'matchalitchi ndi m'masitolo kuti mipando isachititse manyazi pa TV. Mtima wanga ukukana, koma chowayankha ndikusowa.

Bambo Gondwe, ku Johannesburg:
Achemwali, mtima wanuwo ukunena zoona. Pali munthu amene analipira tikiti ya sizoni yonse mpira usanayambe n'komwe, ndipo wakhala akuzizidwa pampando wake timu ikumenyedwa. Mawa aone mnzake walowa ulele, atatola tikiti pakauntala ya sitolo. Mukadzamuimbira foni chaka chamawa kuti alipirenso, adzakufunsani kuti alipirirenji. Chinanso, wolandira tikiti yaulere kukazizira pang'ono amangoisiya m'galimoto, poti sanatayepo kanthu. Ngati bwana akakamira zogawa, matikitiwo apite kwa omwe ali ndi a sizoni, awiriawiri, ndi kalata yowathokoza kuti abwere ndi anzawo. Pamenepo yasanduka mphatso ya kasitomala wanu, ndipo iye mwini ndiye adzamukoka mnzakeyo.

Limbani, ku Lilongwe:
Ine mpira umenewu sindiudziwa bwino, koma bwanji osangoseka nawo? Pa TikTok ndi pa X anthu amakonda timu yodziseka yokha ikaluza. Zimafalikira msanga.

Mayi Nachisale, ku Indiana:
Ayi achimwene, zimenezo Thoko asayerekeze. Osewerawa ndi ana a zaka 19, 20, 21, ndipo zonse zimene ofesi yalemba amawerenga, makolo awonso amawerenga. Masiku ano mwana akakhumudwa amalowa mu transfer portal, mndandanda wa osewera ofuna kusamuka, n'kupita kusukulu ina, ndiye kochi adzati ofesi yotsatsa ndi imene yamuthamangitsira osewera.

Thoko mwanawe, ndinagwirapo ntchito yangati yakoyo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ziwiri mwa izo zinali zowawa ngati chako chino. Choyamba, leka kulemba zoti "tiwina" pa zotsatsa. Anthu a m'tauni ali ndi maso. Gulitsa zimene uli nazo m'manja ngakhale timu iluze ndi mapointi 40. Taona ku Iowa: kuyambira 2017, kota yoyamba ikatha, bwalo lonse la Kinnick limatembenuka n'kubayibitsa ana odwala amene ali m'mawindo a chipatala choyandikana nalo. Mwambo umenewo suyembekezera kuti timu ikutsogola kapena ayi. Sindikuti ukakopere, poti kwanuko chipatala chotere palibe, koma funafuna chanu.

Za TV n'zosavuta. Tseka mipando ya m'mwamba, anthu onse uwasonkhanitse mbali imene makamera amayang'ana. Anthu 5,000 atakhala mothithikana amaoneka bwino ndipo phokoso lawo limamveka, pomwe omwewo atamwazikana amaoneka ngati pamaliro. Ndalama ya alonda ndi osesa imachepanso, bwana wakoyo mfundo imeneyi aikonda.

Lachiwirilo itana mabandi a masekondale apafupi adzaimbe limodzi ndi bandi yanu pa nthawi yopuma. Mwana mmodzi wonyamula lipenga amabwera ndi mayi, bambo, agogo ndi mng'ono wake, onse olipira. Kungoti ndi usiku wa tsiku la sukulu, choncho uwalonjeze aphunzitsi kuti mabasi anyamuka akangomaliza kuimba.

Thoko, ku Ohio:
Zikomo mayi, za mabandi ndiimba mafoni mawa m'mawa. Pali vuto lina limene sindinanene. Wogulitsa magalimoto wina anatipatsa ndalama pa mgwirizano woti timu ikagoletsa mapointi 30, aliyense wa tikiti akasinthitsa oyilo motchipa kugaraja kwake. Chiyambireni sizoni sitinafikepo pa 30. Dzina lake silinatchulidwepo ngakhale kamodzi pa zokuzira mawu.

Bambo Gondwe, ku Johannesburg:
Muimbireni inu asanakuimbireni iye. Munthu ameneyo anagula makasitomala olowa pakhomo pake, ndipo sanawaone. Mupite ndi mgwirizano watsopano uli kale papepala, womangidwa pa chinthu chimene chimachitika masewero aliwonse, kaya touchdown yoyamba ya timu yanu (kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo n'kupeza mapointi), kaya first down yachisanu (kukwanitsa mayadi ofunika kuti timu ipitirize ndi mpira). Muwonjezerepo kenakake pa basketball, poti sizoni yake ikuyamba Novembala yemweyu. Ndipo mumuuze nambala yeniyeni ya pageti, osati ya papepala la ofesi. Akadzaitulukira yekha ndiye kuti mwamutaya.

Mayi Nachisale, ku Indiana:
Pa zimenezo ndiwonjezere. Kuyambira Julayi 2021 osewera a ku koleji amaloledwa kulandira ndalama potsatsa malonda ndi dzina lawo. Masewero omaliza pakhomo ndi Senior Day, pomwe omaliza sukulu amatuluka ndi makolo awo pabwalo. Wamagalimotoyo akhoza kulipira anyamata atatu kapena anayi kuti ajambulitse timavidiyo tofotokoza kumene anachokera. Ambiri mwa iwo sadzavalanso chipewa chimenecho moyo wawo wonse, ndipo anthu nkhani yotero imawakhudza. Udutse kaye ku ofesi ya compliance, yoona kuti malamulo a masewero akutsatidwa, usanalonjeze chilichonse.

Limbani, ku Lilongwe:
Ndamva, za nthabwala ndabweza. Koma ndifunseko: mwati pa Thanksgiving ophunzira amapita kwawo. Nanga ochokera kunja ngati mmene munalili inuyo amapita kuti?

Thoko, ku Ohio:
Achimwene, mwandikumbutsa zimene ndinaiwala. Sapita kulikonse. Chaka changa choyamba ndinatsala m'hostelo masiku anayi, kodyera kotseka, ndikudya buledi ndi tiyi, bwalo lili pamtunda wa mphindi khumi koma sindinaganizeko zopitako chifukwa malamulo ake sindinkawamva. Panalibe amene anandiuzapo kuti timu imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mpira mayadi 10, basi nkhani yonse n'kukhala imeneyo. Pasukulu pano ophunzira akunja alipo mazana angapo. Ndikalankhula ndi ofesi yawo kuti tikonze chakudya chotentha mu tenti masewero asanayambe, wosewera wakale mmodzi adzafotokoze malamulo kwa mphindi 15, kenako tikawakhazike pafupi ndi bandi, aliyense ndi bulangete la timu. Chakudyacho ndikapempha wamagalimoto uja kuti alipire, dzina lake likhale pa tentipo.

Bwana ndikumana nawo Lolemba 9 koloko. Mayi Nachisale, ngati pa ntchito yanu ija munali ndi kalata yothokoza a matikiti a sizoni ndipo mukadali nayo, nditumizireni Lamlungu lisanathe.