Mafilimu anga ndimawapatsa magiredi a MSCE, ndiwasamutse bwanji ku Letterboxd?

Mphunzitsi wa ku Chinamwali:
Anzanga, ndigawireni nzeru. Kuyambira 2016 ndimalemba filimu iliyonse yomwe ndaonera m'kope la chikuto cholimba. Poti ndine mphunzitsi, ndimaipatsa giredi ngati ya MSCE: 1 ndi yoti ndingaibwereze mawa lomwe, 9 ndi yolephera. Mvula ya mu Januwale denga linadontha, kopelo linanyowa, inki n'kufalikira m'masamba ena. Mwana wanga wanditsegulira akaunti pa Letterboxd, tsamba la pa intaneti lolembapo mafilimu omwe waonera, koma kumeneko amapereka nyenyezi, kuyambira theka mpaka zisanu, ndipo zikachuluka ndiye kuti filimu ndi yabwino. Kwanga nambala yaing'ono ndiyo yapamwamba. Ndisinthe bwanji osalakwira mafilimu anga?

Wophunzira wa ku Chirunga:
Aphunzitsi, masamu ake ndi afupi. Letterboxd ili ndi masitepe 10, inu muli ndi 9. 1 ikhale nyenyezi 5, 2 ikhale 4.5, muzitsika ndi theka mpaka 9 ifike pa nyenyezi imodzi. Theka lotsalalo musungire filimu yomwe munaisiya pakati. Mukafuna za IMDb, tsamba linanso la mafilimu lomwe sikelo yake imayambira 1 kufika 10, ingochulukitsani nyenyezizo kawiri.

Mayi wa ku Matawale:
Achimwene a ku Chirunga, masamu mwakhoza koma tanthauzo lathawa. Pa MSCE 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba. Mwana akabwera ndi 6 kunyumba timamuphera nkhuku. Koma pa ndondomeko yanuyo 6 ikugwera pa nyenyezi 2.5, ndipo aliyense woona 2.5 amati filimuyo ndi yozizira, asataye nayo bandulo. Ndiye aphunzitsi adzakhala akunyoza mafilimu omwe anawakonda.

Ine ndikanati makirediti onse akhale pakati pa 3 ndi 4. Inde, 4 ndi 5 zidzaphatikizana pa 3.5, koma kodi munali kuzisiyanitsadi? Ine pa kope langa ndinapeza kuti kusiyanako nthawi zambiri kunali kwa tsikulo: magetsi atazima pakati pa filimu, mtima unali utachoka kale.

Wa vidiyo sho ku Chikanda:
Ine sikelo yanga ndi mabenchi. Filimu yomasuliridwa m'Chichewa ikafika pakati anthu osadzuka, ngakhale wogulitsa mandasi pakhomo atasuzumira mkati, imeneyo ndi yabwino. Chenjezo limodzi bambo: musamayerekeze giredi yanu ndi maperesenti a Rotten Tomatoes, tsamba losonkhanitsa ndemanga za mafilimu. Akalemba 90% sakutanthauza 9 pa 10, akutanthauza kuti mwa olemba ndemanga 100, okwana 90 anaivomereza, ngakhale pang'ono chabe. Yofika 60% amaitcha kale "Fresh", kutanthauza kuti ndi yabwino.

Mphunzitsi wa ku Chinamwali:
Zikomo nonse. Mayi a ku Matawale, mwandigwira pamtima. Ndatsegula kope pompano ndapeza filimu ya ku Nigeria yomwe ndinaonera ndi malemu mayi anga mu 2017, ndinaipatsa 6. Iwo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Imeneyo sindingaiike pa 2.5. Nditsatira njira yanu, ndipo giredi yakale ndiziilemba m'munsi mwa ndemanga kuti isatayike. Masamba onyowa aja ndi a chaka cha 2019, mafilimu ake ndiyenera kuwaoneranso kaye.