Za bambo anga aja omva kufinya pachifuwa

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za bambo anga, omwe ankamva kufinya pachifuwa akamakwera chitunda. Ena munati n'chilungulira, koma tinatsatira malangizo a amene munati tithamangire kuchipatala.

Anawapeza ndi BP yokwera, komanso mafuta a kolesterolo ataunjikana m'mitsempha, moti mtima sunkalandira magazi okwanira. Adokotala anatifotokozera kuti mafuta oundanawo akang'ambika, magazi amagwirana pomwepo n'kutseka njira. Ukatsekeka mtsempha wa kumtima, mtima umawonongeka. Ukakhala wa kuubongo, ndiye sitiroko.

Panopa akumwa aspirin (wothandiza kuti magazi asagwirane) ndi atorvastatin (wochepetsa kolesterolo), mchere tachepetsa, fodya anasiya, ngakhale movutikira ndithu. Chitunda chija akukwera bwinoko.

Zomwe ndinaphunzirapo: aspirin musayambe kumwa nokha adokotala asananene. Ndipo pakamwa pakapotoka kapena dzanja likafooka mwadzidzidzi, ikhoza kukhala sitiroko, thamangirani kuchipatala, musadikire kuti kuche.