Tomato akachuluka mtengo umagwa, nanga titani?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimalima tomato ndi kachewere kuno ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu.

Chaka chimene tomato wadula, aliyense m'mudzi amathamangira kudzala tomato yemweyo. Kenako tonse timakolola nthawi imodzi, madengu n'kudzaza m'mbali mwa msewu wa M1, mtengo n'kugwa. Mavenda ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre amadziwa kuti tomato sachedwa kuwola, ndiye amangotchula mtengo wawo, ife n'kuvomera. Kachewere nayenso amalimbirana msika ndi wochokera ku Angónia, tsidya la Mozambique.

Mwana wanga wa kusekondale akuti katundu akachuluka kuposa ogula mtengo umatsika basi, ndipo venda amawerengera thiransipoti komanso tomato amene angamuwolere panjira. N'zomveka, komatu mtengo wa kuno ndi wa m'tauni zimatalikirana kwambiri.

Kodi n'kwabwino kudzala mochedwa kudimba kuti ndizikolola anzanga atamaliza, ngakhale kuthirira kumadya ndalama? Kapena tipange gulu, tizichita hayala galimoto imodzi n'kukagulitsa tokha m'tauni? Inu amene munayesapo, zinakuyenderani bwanji?