Kodikira galimoto ku Dar: ndikaone kuti nyanja m'malo mongogona mu loji?

Mnyamata_wa_Chiputula:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mwezi wamawa ndikupita ku Dar es Salaam kukatenga kagalimoto kanga koyamba, kamene ndakhala ndikusungira ndalama zaka zitatu. Ejenti akuti sitima ikangotsitsa katundu padoko, mapepala atha masiku awiri. Koma mlamu wanga anauzidwanso masiku awiri omwewo chaka chatha, n'kukakhalako sabata ndi theka, akungogona mu loji ku Kariakoo, fani ikuzungulira pamutu, ndalama ikuthera chipisi cha mazira. Atabwera tinamufunsa kuti nyanja yamchere ija imaoneka bwanji. Akuti anangoiona pawindo la basi. Ine zimenezo ayi.

Ndinakulira kwa agogo ku Chintheche, ndiye madzi sindiwaopa, kusambira ndimatha, bwato ndimapalasa. Kungoti yamchereyo sindinaionepo chibadwire. Masiku odikirawo ndingapite kuti kokaona madzi, mchenga ndi mitengo, popanda kudya ndalama ya msonkho wa pa Songwe? Za mashopu musandiuze, mndandanda wa zitenje andipatsa kale akunyumba.

Dalaivala_wa_Luwinga:

Achimwene, ndikanangowerenga n'kudutsa, koma mawu anu akuti "kusambira ndimatha" ndi amene andiimitsa. Inenso ndinapita ndi mawu omwewo. Kwathu ndi ku Usisya, ndinaphunzira kusambira ndisanaphunzire kuvala kabudula.

Ulendo wanga woyamba ndinawolokera ku Kigamboni, tsidya lina la doko, m'mawa. Kufika pagombe, nyanja palibe. Kunena zoona, palibe. Maboti atakhala chopendekeka pamchenga wonyowa ngati ng'ombe zogona, madzi akuonekera kutali uko. Ndinati kodi kunonso kuli chilala? Ndinavula nsapato, zatsopano za ku Kariakoo, ndi malaya, n'kuziika pakamtumbira kamchenga kouma bwinobwino, ndiye ndinayamba kulondola madzi aja. M'timaenje ta m'miyala munali tinsomba tamawangamawanga, tinkhanu tothamanga cham'mbali, ndi zina zooneka ngati nyenyezi zimene sindikudziwa kuti ndizitchule chiyani. Ndinatengeka nazo. Kenako ndinaponda kanthu kakuda kozungulira, kaminga ngati kanungu, minga yake n'kuthyokera m'chidendene. Ndili mkati motokosa chidendenecho ndinamva mnyamata wina akukuwa, akukupiza manja. Kucheuka, madzi ali kumbuyo kwanga. Sanabwere ndi mafunde aakulu ayi, anangodzaza mwakachetechete m'malo otsika, kundizungulira. Ndinabwerera madzi akulekeza m'chifuwa, ndikutsimphina. Kamtumbira kaja kunalibe. Ndinakwera pantoni, chombo chowolotsa anthu, wopanda nsapato, malaya ogula pamsewu olembedwa dzina la timu imene sindiidziwa n'komwe.

Nkhani yake ndi iyi. Nyanja yathu imakwera ndi dzinja n'kumatsika pang'onopang'ono chilimwe chonse, ndiye pamene mwasiya bwato m'mawa mumalipeza pomwepo madzulo. Ijayi imapita ndi kubwera kawiri pa tsiku: maola ngati 6 ikuphwa, ena 6 ikudzaza. Nthawi yake siikhazikika, mawa imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 kuyerekeza ndi lero. Umaikoka ndi mwezi, n'chifukwa chake mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, madzi amathawira kutali kwambiri ndipo amabweranso mwamphamvu, kusiyana kwake kumayandikira mamita 4. Mawu awiri a Chiswahili awa muwasunge: maji kupwa (madzi akuphwa) ndi maji kujaa (madzi akudzaza). Mukafika pagombe lililonse funsani kaye asodzi kuti madzi akupita kapena akubwera, musanavule chilichonse. Ndipo gulani timapatapata kapena tinsapato tapulasitiki tolowa nato m'madzi.

Zabwino zake ziliponso. Ng'ona mulibe, mvuu mulibe, likodzo mulibe, ndipo madzi amchere amakunyamula, umayandama osavutika. Koma osatsegula maso pansi pa madzi monga timachitira ku Kande, ndipo tengani botolo la madzi akumwa chifukwa ludzu lake ndi lina.

Tsopano kopita. Tsiku loyamba dzukani m'mamawa mupite ku Kivukoni, pa bajaji kapena pa basi zothamanga zija amati mwendokasi. Pali msika wa nsomba pomwepo, amagulitsa mokuwa mitengo ngati fodya ku okushoni. Mudzaona nsomba zotalika kuposa inuyo, ndi chinyama cha miyendo 8 chimene amati pweza. Amachiwiritsa n'kumachigulitsa timapisi pamsewu, mulawe kamodzi kuti mukasimbe. Pantoni ili pafupi pomwepo, mtengo wake ndi wochepa zedi ndipo kuwoloka ndi mphindi zochepa, koma mumadutsa pakamwa penipeni pa doko, zisitima zonyamula makontena zikudutsa pafupi ngati phiri likuyenda. Mwinanso yanuyo mudzaiona. Chakumeneko kuli nyumba ya boma, foni ikhale m'thumba, osajambulajambula. Tsidya linalo kwerani daladala (minibasi yawo) kapena bajaji ya ku Mjimwema, ndiko kuli mchenga woyera wautali. Malo ambiri abwino ndi otchingidwa ndi eni maloji, mumalipira kangachepe pageti, koma ubwino wake katundu wanu amakhala ndi pomusiya. Mlatho wa Nyerere umene anatsegula mu 2016 umafikanso ku Kigamboni kuchokera ku Kurasini, ndi wa mamita 680, koma kwa munthu wofuna kuona madzi pantoni ndiye yake.

Coco Beach aliyense adzakuuzani. Pitani madzulo amodzi, mukadye chinangwa chokazinga chothira tsabola, mumwe madzi a kokonati wanthete amene amati dafu, muone anthu. Lamlungu pamadzaza ngati pa depoti. Kusambira pamenepo ine sindinakondepo, ndipo kukayamba kuda musayende nokha m'mbali mwa gombe foni ili m'manja.

Mayi_wa_pa_Taifa:

Adalaivala anena zoona za madziwo. Ine ndimapita kokaoda pafupipafupi, koma ndinatha zaka ndikungodziwa Kariakoo ndi loji basi, mpaka mwana wanga wamkazi anandikakamiza kuti tikaone chilumba cha Mbudya. Mwanawe, ngati tsiku lopuma lidzakhale limodzi lokha, likathere kumeneko. Umapita mbali ya Kunduchi, kumpoto kwa tauni, n'kukwera boti la injini, mphindi ngati 20 wafika. Pachilumbapo sipakhala anthu, pali timisasa taudzu tobwereka, madzi oyera moti umaona zala zakumapazi. Anyamata akumeneko amakuwotchera nsomba ndi chipisi, amabwereketsanso magalasi oonera pansi pa madzi. Iwe wa ku Chintheche wazolowera mbuna za m'miyala, koma kujaku miyala yakeyo ndi yamoyo, ina ngati nyanga za gwape, ina ngati kabichi. Ndi malo otetezedwa, usatole zigoba kapena kuthyola kanthu. China ndi Bongoyo, boti lake limanyamukira ku Slipway ku Msasani, koma kumeneko ndi kwa azungu ambiri ndipo thumba limalira.

Ziwiri zoti usamale. Choyamba, polowa pali mtengo wa eni dziko ndi mtengo wa alendo. Ife a Malawi sitili m'bungwe lawo la East Africa lija, ndiye ngakhale khungu ndi lomweli amatiwerengera ngati alendo. Funsa mtengo wonse, wa boti ndi wolowera, usanakwere.

Chachiwiri ndi nthawi, ndipo apa ndinachita manyazi. Tinafunsa dzulo lake kuti boti limanyamuka nthawi yanji, bambo wake anati "saa tatu". Ine kumva tatu ndinati basi 3 koloko, Chiswahili n'chosavuta. Tinafika 3 koloko masana titanyamula zakudya, n'kupeza anthu akutsika m'boti akubwerera kwawo. Anzathuwa amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka: 7 koloko m'mawa ndi saa moja, ndiye saa tatu ndi 9 koloko. Uziwonjezera 6 pa chimene wamva. Kuonjezera apo wotchi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi, ukangowoloka Songwe usinthe. Ejenti wakoyo akadzati tikumane saa nne, usadzapite 4 koloko.

Mwezi wamawa kudzakhala kukuomba kusi, ndi mwera wawo umenewo, umachokeranso kummwera. Pita m'mawa nyanja isanakwiye. Kutentha ndiye usanene, ngakhale iwo akamati kwazizira, kwa ife a Mzuzu ndi Okutobala wa ku Karonga. Majuzi ako uwasiye ku Chiputula.

Mtonga_Weniweni:

Kuvutika konseku chifukwa cha madzi osamweka? Nkhata Bay ili apa, makilomita osakwana 50, Chikale ikukudikirani, batala ndi kondowole zilipo, ndipo nyanja yathu siiba nsapato za munthu. Mukabwera ndi galimotoyo mudzatitenge tikaisambitse kwathu.

Aphunzitsi_a_Katoto:

A Mtonga musatiseketse, mwera wa pa Usisya wamezapo zambiri kuposa nsapato.

Ine ndingowonjezera Bagamoyo, mapepala akachedwa kufika tsiku lachinayi. Ndi makilomita ngati 70 kumpoto kwa Dar, msewu wodzera ku Tegeta, mukhoza kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Gombe lake si losambira kwenikweni, ndi la ntchito: asodzi, ngalawa za matanga, amisiri akukhoma matabwa pamchenga. Koma kwa munthu wa kumpoto kuno malowa ali ndi nkhani yathu. David Livingstone atamwalira kwa Chitambo ku Zambia mu 1873, anyamata ake, otsogolera ake Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, thupi n'kuliumitsa, ndipo analinyamula wapansi miyezi 9 mpaka kufika nalo ku Bagamoyo mu 1874. Linagona ku mishoni ya Akatolika yomwe inayamba mu 1868, nsanja ya tchalitchi chakalecho ilipobe. Chuma ameneyo anali Myao, anawomboledwa kwa ogula akapolo ali mnyamata mu 1861 kumapiri a Shire kwathu konkuno. Ine nditaima pansi pa nsanjayo ndinaganiza za mtunda umene tinayenda pa basi, matako akuwawa, iwo wapansi ndi mtembo paphewa.

Anthu ena amati akapolo a kwa Jumbe ku Nkhotakota ankathera ku Bagamoyo. Ambiri a iwo njira yawo inali ya ku Kilwa, kummwera. Bagamoyo inkalandira makamaka a njira ya ku Tabora ndi Ujiji.

Makilomita ngati 5 kuchokera m'tauniyo kuli mabwinja a Kaole, mzikiti ndi manda a zaka za m'ma 1200. Kuseri kwake kuli nkhalango ya mikoko, mitengo yomera m'matope amchere, mizu yake ili pamtunda ngati miyendo ya kangaude. Kwathu kulibe mtengo wotero. Madzi akaphwa pansi pake pamadzaza tinkhanu ta dzanja limodzi lalikulu.

Mnyamata_wa_Chiputula:

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba m'kope. Amayi a pa Taifa mwandipulumutsa, ejenti analembadi "saa nne" pa WhatsApp ndipo ine ndimati ndi 4 koloko. A Mtonga, mafuta mudzathira ndinu. Adalaivala, nanga nyama zakutchire? Mlamu amati pobwerera anaona nyamalikiti pamsewu, ife timati akunama.

Dalaivala_wa_Luwinga:

Sananame. Ndi pa Mikumi pamenepo, mukadutsa Morogoro. Msewu waukulu umadutsa m'kati mwa paki makilomita ngati 50, ndipo nyamalikiti, mbidzi, nswala, njati, nthawi zina njovu, zimadya m'mbali mwa tara. Simulipira kanthu chifukwa mukungodutsa, koma pali mabampu ambiri ndi zikwangwani zolemba chindapusa cha nyama iliyonse mukaigunda, m'madola, ndipo cha nyamalikiti chikhoza kuposa mtengo wa galimoto yanuyo. Anyani musawaponyere nthochi, musatsikenso kuti mujambule.

Kuti muzione, nyamukani ku Dar kusanache, mudutse pamenepo kukuwala. Anyamata ambiri otenga magalimoto amathamangira kuyenda usiku kuti asalipire loji ina, n'kudutsa Mikumi mumdima, kenako n'kukakumana ndi phiri la Kitonga tulo tili m'maso, malole akutsika mabuleki akununkha. Chiweta mumaidziwa, Kitonga ndi mkulu wake. Musanalikwere mudzadutsa chigwa cha milambe yokhayokha m'mbali mwa mtsinje wa Ruaha, imani pamenepo mugule anyezi, ndi wotchipa, mupumitse injini. Mukagone ku Iringa kapena ku Makambako, kumazizira ngati kwathu konkuno, ndiye juzi imodzi mutengebe ngakhale amayi akana. Ndipo musanatuluke mu Dar muonetse matayala ndi sipeya, ambiri amabwera ndi matayala a m'chisanu a ku Japan amene pa tara yotentha ya ku Chalinze sachedwa kuphulika.